Pometera pa M'baluku

Ine ndimangometa.
Makina kudzanja lamanja, limoti kulamanzere,
mutu wa munthu pakati.

Nkhondo imafika muno cha m'ma folo koloko
benchi ikadzaza.
Imalowera pa dishi ndinaimanga ndi waya padengayo,
siibwera ndi fumbi, siinunkha,
imangokhala pa shelefu
pambali pa sipiliti ndi paudala.

Che Likwanya amati ika pa fili,
pamene amaonetsa ana.
Aphunzitsi a Mlelemba, opuma aja, amati ika pa seveni,
pamene amaonetsa mapu.

Nyumba ndi yomweyo, yagwa m'mawa womwewo.
Pa fili akuti munagona banja.
Pa seveni akuti munali zida.
Ndikadina, akufawo ndi zigawenga.
Ndikadinanso, ndi ana a sukulu.
Chala changa chomwechi,
cha chikhadabo chong'alukachi.

"Bodza!" Che Likwanya adzambatuka, ndevu zili theka,
ine lezala ndichotsa msanga pakhosi
kuopa kukagona kupolisi.
"Atolankhani anuwo anadya za eni mabomba."
"Nanga anuwo amadya mphepo?"
Benchi yonse gwedegwede ndi phwete.

Twaibu wa kabaza, thukuta lili kamukamu,
aponya lake ali pakhomo:
nanga ifeyo, dziko lathu, tili mbali iti?

Aphunzitsi apukuta magalasi.
Akuti dzanja limene timakweza kumisonkhano ya maiko
ndi lomwelo timalandirira chimanga,
ndiye limatuluka m'thumba mochedwa,
litayamba layang'ana nkhope ya wopereka.
Che Likwanya akuti pamenepo tagulitsa pakamwa
pa mtengo wa thumba la feteleza,
chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.
Azana ikamveka mmodzi anyamuka,
winayo amusungira malo pabenchi.
Onse awiri ali nane ngongole.

Lachinayi kunalowa Abiti Daudi.
Azimayi salowa muno kawirikawiri.
Anamasula pakona pa chitenje
foni yosweka galasi,
natimvetsa mawu a mwana wake Swaleyi,
amene anakwera ndege kukathyola malalanje
kuminda ya dziko lomwelo:
amama ndili bwino,
kungoti usiku kumalira chinthu, timathamangira kudzenje.
Mawuwo ndi a masabata atatu apitawo.

Anafunsa ine, osati aphunzitsi, osati Che Likwanya:
"Nambala iti imaonetsa a kuminda?"

Ndinadina fili. Mwana pa machira.
Ndinadina seveni. Bambo wa taye ndi kandodo pa mapu.
Ndinadinabe, mpira, alaliki, ophika,
mpaka kubwerera pomwe ndinayambira.
Kulibe wothyola malalanje pa nambala iliyonse.

Che Likwanya anayang'ana zala za kumapazi.
Aphunzitsi anapinda nyuzi kanayi, kasanu,
mpaka inakana kupindika.

Kenaka magetsi thi!
Makina anafera m'dzanja langa
pakati pa mutu wa aphunzitsi,
nkhondo inazima osapepesa,
ndipo m'galasi lakuda la kanemayo
munatsala ife:
anthu asanu ndi awiri, fani yoima,
mayi wogwira foni ngati dzira.

Aphunzitsi sanadikire kuti ndimalize ndi sizasi.
Anavala chipewa pamutu wa thekawo,
akuti kuboma kuli mwana wina anamuphunzitsa
amene angadziwe koimbira.
Che Likwanya analipira kabaza.

Potseka ndinaoloka mlatho wapansi.
Pafupi ndi wotchi yaitali ija
pali mzinga wa sitima yakale,
wa nkhondo ina ya eni ake
imene agogo a bambo anga anaisenzera katundu
osauzidwa kuti akangana chiyani.
Ana awiri anaukwera ngati bulu,
akusenda mango ndi mano.

Mawa magetsi akayaka andifunsanso, fili kapena seveni.
Tsitsi ndimalisesa pamodzi,
la Che Likwanya ndi la aphunzitsi,
ndipo pa fosholo sindilisiyanitsa.